Mukufuna kuphunzira geology? Nayi njira yake, kuchokera ku Fomu 3 mpaka pa ntchito yoyamba

Chiyambireni kumveka nkhani ya rutile wa ku Kasiya, mchenga umene amachotsamo chitsulo cha titanium, funso lomwelomweli likundipeza paliponse muno mu Lilongwe: kutchalitchi, pamaliro, pa WhatsApp. Makolo amafunsa ngati mwana wawo angapeze ntchito akaphunzira za miyala. Ana a Fomu 4 amafunsa mapointi. Amene ali kale kuyunivesite amafunsa komwe angakapemphe attachment, ntchito yogwira mophunzira pa holide. Ndaona kuti ndibwino ndilembe zonse pamodzi, kuti wofunsa aziwerenga modekha, ndipo akabwera kudzandifunsa tiziyambira patsogolo.

Ndinene msanga chimene ndimakhulupirira. Geology ndi maphunziro abwino ndipo dziko lino likusowa anthu ake. Koma digiri payokha siikulowetsani ntchito. Amene amalemba anthu ntchito m'gawo limeneli amafuna munthu amene angamusiye kutchire ndi kope, nyundo ndi GPS, n'kubwerako ndi zolemba zoti wina angazikhulupirire. Zonse ndalemba m'munsimu zikuloza pamenepo.

1. Dziwani kaye chimene mukulowa

Anthu ambiri amasokoneza ntchito zitatu. Katswiri wa geology amafufuza chimene chili pansi pa nthaka: mwala wake ndi wotani, unapangika bwanji, wayala mpaka pati, muli chiyani m'kati mwake ndipo n'chochuluka bwanji. Injiniya wa migodi amabwera pambuyo, kudzakonza kakumbidwe kake. Wa metallurgy ndiye amalekanitsa chofunikacho ndi dothi ndi miyala yachabe kufakitale. Ngati chimakusangalatsani ndi makina akuluakulu, mwina njira yanu ndi yachiwiriyo.

Komanso geology si migodi yokha. Amene amasankha malo okumba mjigo, amene amayeza nthaka asanamange mlatho kapena nyumba yosanjikizana ku City Centre, amene amafotokoza chifukwa chake phiri la Soche linagumuka nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, amene amalondola zivomerezi monga cha ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu Disembala 2009, onsewa anaphunzira za miyala.

2. Muli ku sekondale? Gwirani masamu, physics ndi chemistry

Cholakwa chofala ndi ichi: mwana amakhoza bwino geography, ndiye aliyense n'kumati ameneyu ndi wa geology. Geography imathandiza, makamaka kuwerenga mapu, koma siimene imakupititsani patsogolo. Chaka choyamba kuyunivesite mudzakumana ndi masamu, physics ndi chemistry musanagwire n'komwe mwala, ndipo ambiri amagwera pomwepo. Kuti mumvetse chifukwa chake mwala wina uli ndi niobium, chitsulo chimene amalimbitsira zitsulo zina, pomwe unzake woyandikana nawo ulibe, pafunika chemistry. Kuti mufufuze madzi pansi pogwiritsa ntchito magetsi, pafunika physics.

Pa MSCE mufunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Chingerezicho musachipeputse, chifukwa theka la ntchito yathu ndi kulemba malipoti. Ngati muli Fomu 3 ndipo mukuganiza zosiya physics kapena chemistry, dziwani kuti mukutseka khomo limeneli ndi manja anu.

3. Sankhani pulogalamu, ndipo werengani dzina lake lonse

Muno mu Lilongwe muli maofesi a boma oona za migodi, ndipo makampani angapo ofufuza miyala ali ndi maofesi awo momwemuno, koma maphunziro enieni a geology m'mayunivesite a boma ali kummwera. Konzekerani kusamuka.

Ku UNIMA ku Zomba, yomwe tinkaitcha Chanco, ndi komwe akatswiri athu ambiri akale anaphunzira, ndipo likulu la Geological Survey Department lili mumzinda womwewo. Ku MUST ku Thyolo, yomwe inatsegulidwa mu 2014, kuli Ndata School of Climate and Earth Sciences yophunzitsa geology ndi maphunziro oyandikana nayo. Ku MUBAS ku Blantyre, Poly yakale ija, kuli Geological Engineering, Mining Engineering ndi Metallurgy and Mineral Processing. Digiri ya sayansi imatenga zaka zinayi, ya uinjiniya zisanu.

Kusankha ophunzira m'mayunivesite a boma kumadzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba. Chilengezo chawo chikatuluka, werengani zofunika pa pulogalamu iliyonse payokha, chifukwa zimasiyana ndipo zimatha kusintha. Musadalire zimene anakuuzani achimwene anu amene anasankhidwa kalekale. Ngati kwanu ndalama n'zovuta, pemphani ngongole ku HESLGB, bungwe lopereka ngongole za maphunziro apamwamba, nthawi yake isanathe. Mu bajeti yanu muikemonso za kutchire: nsapato zolimba, chipewa, chovala cha mvula, ndi kagalasi kokuza zinthu kakhumi kamene timati hand lens. Kagalasiko ndi kakang'ono, kotha kulowa m'thumba, koma ndi kamene mudzagwiritse ntchito tsiku lililonse moyo wanu wonse.

4. Muli kuyunivesite, ikani mtima pa zinayi

Makosi ndi ambiri, ndipo onse muyenera kukhoza. Koma pali zinayi zimene wolemba ntchito adzayesa ngati mumazitha.

Choyamba ndi kuzindikira miyala ndi maso ndi manja. Khalani m'chipinda cha masampulo ngakhale nthawi imene si ya kalasi. Quartz imakanda galasi. Calcite imakandika ndi mpeni ndipo imachita thovu mukaidonthezera asidi wosungunula. Pyrite, imene yapusitsa anthu ambiri m'midzi kuti apeza golide, imaphwanyika mukaimenya ndi nyundo ndipo imasiya mzere wakuda mukaikhutiza pa mbale yadothi yosapaka, pomwe golide amangophwatalala. Achibale akangomva kuti mukuphunzira za miyala adzayamba kukubweretserani timiyala tokulunga m'pepala. Muzitiyang'ana mofatsa, ndi sukulu yaulere imeneyo, koma musamuuze munthu kuti walemera kapena kuti alibe kanthu pa zimene simunatsimikize.

Chachiwiri ndi kujambula mapu kutchire. Ulendo wa field mapping musauone ngati kokacheza. Gwirani kampasi nokha, muyeze nokha kumene thanthwe lalunjika ndi mmene lapendekera, zimene timati strike ndi dip. Pagulu pamakhala mmodzi woyeza ndi ena ongokopera, ndipo ongokoperawo amadzaonekera poyera patsiku loyamba la ntchito.

Chachitatu ndi GIS, kutanthauza kupanga ndi kusanthula mapu pa kompyuta. Pulogalamu ya QGIS ndi yaulere ndipo imagwira ngakhale pa laputopu yotsika mtengo. Phunzirani kuika malo anu pa mapu, kuyala mapu a miyala pamwamba pa chithunzi cha setilaiti, ndi kutulutsa mapu okhala ndi sikelo ndi muvi woloza kumpoto. Chenjerani ndi datum, maziko amene manambala a malo pa mapu amawerengedwera. GPS yanu nthawi zambiri imakhala pa WGS84, ndipo dziko lathu pafupifupi lonse lili mu UTM zone 36 South, koma mapu ambiri akale anajambulidwa pa datum ina. Mukasakaniza, dzenje limene munakumba m'munda wa a Phiri lidzaoneka pa mapu lili m'munda wa munthu wina, mamita mazana angapo kutali.

Chachinayi ndi Excel ndi kulemba lipoti lomveka. Pamenepa palibe chodabwitsa, ndi kuzolowera basi.

5. Pezani attachment msanga, ndipo muigwire ngati ntchito

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangodumpha, n'kumati "mukamaliza mudzapeza ntchito ku migodi". Pakati pa digiri ndi ntchito yoyamba pali phompho, ndipo ndaona achinyamata anzeru atakhala pakhomo ku Area 25 kapena ku Kawale, digiri ili m'chikwama, chifukwa chilengezo chilichonse chimafuna munthu amene anagwirapo kale. Mlatho wake ndi attachment, kutanthauza kukagwira ntchito mophunzira pa kampani kapena ku dipatimenti ya boma nthawi ya holide. Musadikire imene sukulu idzakukonzereni chakumapeto. Yambani kufunafuna mukangomaliza chaka chachiwiri.

Nyengo ikukomerani mukaidziwa. Ntchito yambiri yakutchire imachitika m'chilimwe, kuyambira cha mu Meyi mpaka mvula isanagwe, pamene chimanga chakololedwa, udzu wauma ndipo magalimoto akutha kudutsa m'madambo. Choncho kalata yanu ifike mvula ikamatha. Kupempha mu Novembala n'kuchedwa, nthawiyo makampu akupasulidwa.

Mukapemphe kuti? Lembani ndandanda yanu. Kuno ku Lilongwe kuli ntchito ya kampani ya Sovereign Metals ku Kasiya, komwe kuli rutile ndi graphite (mwala wakuda wa m'pensulo), ndipo kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto inagulamo masheya mu 2023. Ku Malingunde kulinso graphite. Kunja kwa Lilongwe kuli Kayelekera ku Karonga komwe kuli uranium, Kanyika ku Mzimba komwe kuli niobium, Kangankunde ku Balaka ndi Songwe Hill ku Phalombe komwe kuli rare earths (zitsulo zimene amapangira maginito ndi zipangizo zamagetsi), malasha ku Rumphi, ndi fakitale ya simenti ya Shayona ku Kasungu. Koma mayina akuluakuluwa aliyense akuwalembera. Ochepa ndi amene amaganiza za makampani okumba mijigo, ma kwale ophwanya miyala, makontilakita a misewu, malabu oyeza nthaka, Geological Survey Department ndi Department of Mines. Kumeneko mzere ndi waufupi, ndipo mudzagwira zambiri ndi manja anu.

Kalata ikhale ya tsamba limodzi. Nenani chaka chimene muli, masiku amene mulipo, ndi chimene mumatha kale. Phatikizanipo kalata ya mkulu wa dipatimenti yanu ndi mapu amodzi amene munajambula nokha. Mapu amenewo amalankhula kuposa mawu onse oti ndinu wolimbikira. Ngati n'kotheka kaperekeni pamanja, ndipo mufunse dzina la geologist amene amayang'anira ntchito yakutchire, chifukwa ndi iyeyo amadziwa ngati akusowa munthu wonyamula masampulo. Pakatha milungu iwiri imbani foni kamodzi, mwaulemu. Wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti akupezereni malo, chokanipo. Attachment siigulidwa.

Tsopano mwalowa. Ntchito imene adzakupatseni ndi yooneka yonyozeka, ndipo apa ndi pamene ena amadzionongera okha. Adzakuikani pa shedi ya core. Core ndi mwala wobulungira ngati musi umene makina obowola amatulutsa pansi, n'kuuyala m'mathireyi motsata kuya kwake. Mudzaunyowetsa ndi madzi kuti mitundu ioneke, mudzayeza ndi tepi kuti pa mita imene anabowola patuluka wotalika bwanji, mudzawerenga ming'alu, kenako mudzalemba: kuyambira mamita akuti mpaka akuti mwala ndi wakuti, mtundu wake, kukula kwa timibulu take, mmene wafumbutukira. Kumeneko ndiye kuchita logging. Dzuwa likuswa mtengo, fumbi lili m'mphuno, thireyi ina ikubwera inzake isanathe.

Kuchigwa cha Lilongwe kuno nthawi zambiri simudzaona n'komwe mwala wolimba. Kupatula mapiri otumphuka ngati Bunda ndi Nkhoma, thanthwe lili pansi, ndipo pamwamba pake pali mwala umene unavunda pamalo pomwepo mpaka kufewa ngati dothi, umene timati saprolite. Rutile wa ku Kasiya ali m'menemo, n'chifukwa chake kufufuza kwambiri kumeneko kunayamba ndi chobowolera chapamanja, anthu akupotokola. Wophunzira amene anazolowera miyala yoyera bwino ya m'kalasi amaima kakasi akapatsidwa dothi lofiira m'manja. Phunzirani kulifikisa ndi zala, kulinyowetsa, kuyang'ana ndi kagalasi kaja timibulu tonyezimira ta mica, ndi kuzindikira pamene katondo wathera ndi pamene saprolite wayambira.

Cholakwa chimene sichikhululukidwa ndi kusokoneza manambala a masampulo. Thumba lililonse lili ndi nambala yake, tikiti ina m'kati, nambala yomweyo m'kope. Pakati pa masampulo enieni amaikamo dala ena oyesera labu: lina lopanda kanthu, lina lodziwika kale zimene lili nazo, lina lobwereza. Mukasinthanitsa matumba awiri, zotsatira za dzenje lonse zimakayikitsa, ndipo kubowola ndi kodula kwambiri. Zikachitika, nenani tsiku lomwelo. Bwana amatha kukonza cholakwa chimene wauzidwa. Chimene chabisika chimadzatulukira zotsatira zitabwera kuchokera kulabu, ndipo pamenepo dzina lanu lathera pomwepo, chifukwa anthu a ntchito imeneyi m'Malawi muno ndi ochepa ndipo amadziwana onse.

Lembani ndi pensulo, inki imasungunuka ndi thukuta ndi mvula. Tsamba lililonse liyambe ndi deti, malo ndi manambala a GPS. Musafufute chimene munalemba kutchire pofuna kuti chigwirizane ndi zimene mwaganiza madzulo, ingodulani mzere umodzi n'kulemba chatsopano pambali. Siyanitsani chimene mwaona ndi chimene mukuganiza.

Lemekezani anthu obowola. Ambiri alibe digiri, koma amamva pa kulira kwa makina kuti mwala wasintha inu musanaone kanthu. Mukawayandikira bwino adzakuphunzitsani zimene mulibe m'buku. Chimodzimodzinso kumudzi: simulowa m'munda wa munthu ndi nyundo musanaonekere kwa amfumu, simuyandikira manda kapena dambwe, ndipo simulonjeza aliyense ntchito kapena chipukutamisozi. Zimenezo zili ndi eni ake pa kampani. Mawu amodzi otayirira a wophunzira amatha kuyambitsa mlandu wa chaka chathunthu.

Pochoka, pemphani kalata yonena zimene munagwira, mwachindunji: munachita logging, munatenga masampulo, munalowetsa zolemba mu kompyuta. Sungani nambala ya amene ankakuyang'anirani. Ntchito zoyamba zambiri sizilengezedwa m'nyuzipepala. Geologist amangofunsa mnzake kuti, "Kodi uli ndi mwana amene amatha logging?"

Kwa atsikana ndi makolo awo: ntchitoyi akazi akuigwira, ndipo akuigwira bwino. Funsani za malo ogona ndi za amene mungakadandaulireko musanapite kukampu. Kampani yolongosoka imayankha mafunso amenewa mosanyinyirika.

6. Pulojekiti ya chaka chomaliza ikhale yoti mungaionetse

Sankhani funso laling'ono limene mungalimalize ndi ndalama zimene muli nazo. Mwachitsanzo, chifukwa chiyani mijigo ya mbali ina ya mudzi imauma mu Okutobala pomwe ya mbali inayo siiuma? Muli zinthu zambiri zoti muyambirepo. Boma linachititsa kauniuni wa pandege m'dziko lonse, yemwe zotsatira zake zinatulutsidwa mu 2015, ndipo pambuyo pake panabwera pulojekiti ya GEMMAP yojambulanso mapu a miyala mothandizidwa ndi dziko la France. Ku Geological Survey kulinso mabuku akale ofotokoza miyala ya dera lililonse. Pitani mukawapemphe. Ophunzira ambiri amamaliza digiri osawatsegulapo.

7. Dziwani makomo onse a ntchito, ndi khalidwe la lililonse

Kufufuza miyala ndi migodi ndi kumene kuli malipiro okoma, koma ntchito yake imayendera mitengo ya pamsika wa dziko lonse. Mgodi wa uranium wa Kayelekera unayamba mu 2009 pansi pa Paladin, unaima mu 2014 mtengo utagwa, ndipo unadzayambanso mu 2025 pansi pa Lotus Resources. Pakati pamenepo panadutsa zaka zoposa khumi. Makontilakiti ambiri ofufuza ndi a miyezi yowerengeka. Mukalandira, sungani, chifukwa dzinja likubwera. Dziwaninso kuti malo ambiri amene mumawamva pa wailesi akadali pa kufufuza kapena kumanga, ndipo kuchoka pa kupeza mwala kufika pa mgodi weniweni pamatha zaka zambiri.

Madzi ndiye khomo limene ndimalimbikitsa kwambiri, ngakhale achinyamata amaliona ngati lotsika. Midzi yambiri m'dziko muno imamwa madzi a pamjigo, ndipo muno mumzinda anthu akukumbitsa mijigo m'mapuloti mwawo. Pafunika munthu woyala mawaya ndi kukhoma zitsulo pansi kuti ayeze mmene magetsi akudutsira m'nthaka, wosankha pobowola, woyang'ana tizidutswa ta mwala timene makina akulavula pa mita iliyonse, wonena poika mapaipi obowoka, woyeza kuchuluka kwa madzi popopa. Mijigo yambiri imene inauma msanga inakumbidwa popanda munthu wotero. Olemba ntchito ndi mabungwe omwe si aboma, makampani obowola, mabodi a madzi ndi National Water Resources Authority. Mtengo wa uranium ukwere kapena utsike, anthu adzamwabe madzi.

Zomangamanga zimafuna oyeza nthaka ndi ofufuza miyala ya misewu. Za chilengedwe zimafuna olemba malipoti a ESIA, ofotokoza mmene ntchito idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, amene bungwe loteteza chilengedwe la MEPA limaunika ntchito yaikulu isanayambe. M'boma muli Geological Survey, Department of Mines, ndi bungwe latsopano loyang'anira migodi limene linabwera ndi lamulo la migodi la 2023. Malipiro a m'boma ndi ochepa poyerekeza ndi a makampani, koma ntchito ndi yokhazikika ndipo mwayi wa maphunziro apamwamba umadzera kumeneko kawirikawiri. Palinso anthu okumba mwa okha, a golide ndi a miyala yamtengo wapatali ya ku Mzimba ndi ku Ntcheu, amene amafuna wowathandiza mapu ndi mapepala a chiphaso. Kumeneko samalani dzina lanu. Musasainire lipoti la malo amene simunapondepo phazi, ngakhale akulonjezeni zingati.

8. Za masters ndi kulembetsa ku mabungwe a akatswiri

Langizo langa ndi loti mugwire kaye ntchito chaka chimodzi kapena ziwiri musanapite ku masters, kuti mudziwe mbali imene mukuifuna: madzi, geophysics (kufufuza za pansi ndi zipangizo za physics), kuwerengera chuma cha pansi, kapena za zomangamanga. Wopita ku masters chifukwa chosowa chochita amabwerako ndi vuto lomwe lija, mapepala awiri koma manja osazolowera.

Ngati mwasankha za migodi, dziwani liwu loti Competent Person. Makampani ambiri ofufuza kuno ali pamsika wa masheya wa ku Australia, ndipo amatsata malamulo a JORC polengeza zimene apeza. Wosainira lipoti lotero ndiye Competent Person. Ayenera kukhala membala wa bungwe la akatswiri lovomerezeka monga AusIMM kapena AIG a ku Australia, ndipo akhale atagwira ntchito zaka zosachepera zisanu pa mtundu womwewo wa mwala. Zaka zimenezo adzafuna umboni wake. Choncho kuyambira pa attachment yanu yoyamba, tsegulani fayilo imodzi momwe muzilemba malo, madeti, mtundu wa mwala, ntchito imene munagwira ndi dzina la amene ankakuyang'anirani, ndipo muziidzaza mwezi uliwonse zinthu zisanaiwalike.